SEWERO LA RAQUEL NDI ANTONIO LILI NDI PHUNZIRO KWA MAKOLO

Dzuwa likalowa mu komboni ya Kuku, kufupi ndi Chawama mu Lusaka, nyumba iliyonse imene ili ndi wailesi ya kanema imadzala ndi anthu. Cimene cimawasonkhanitsa ndico masewero a cikondi ocokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Cisipanishi, amene mau ake anamasuliridwa m'Cingerezi. Masewero amenewa anaculuka pamene GOtv inayamba mu Zambia mu caka ca 2011, ndiponso pamene Telemundo inatsegulidwa pa DStv mu 2013. Pakati pa openyerera pali atsikana ocokera ku Petauke, Katete ndi Chadiza, amene makolo ao anawatumiza kwa acibale kukaphunzira kapena kukalera ana. Cifukwa cace nkhani imeneyi ikhudza anthu a kumidzi.

Sewero limene acikulire ambiri akali kukumbukira ndilo Tú o nadie, lochedwa No One But You m'Cingerezi. Linapangidwa ndi kampani ya Televisa ku Mexico mu 1985, ndipo wolemba wace anali María Zarattini. Lucía Méndez anasewera monga Raquel, Andrés García monga Antonio Lombardo, ndipo Salvador Pineda monga Max.

Raquel ndi mtsikana wosauka wa mu mzinda wa Guadalajara. Akwatiwa ndi mwamuna amene adzichula Antonio Lombardo, munthu wacuma wa ku Acapulco. Koma mwamunayo ndi Max, mwana wa mkazi amene atate a Antonio anakwatira pambuyo pace. Colinga ca Max ndi kupha Antonio pa ngozi ya ndeke, kuti cuma cigwere Raquel monga mkazi wamasiye, ndipo iye acilande kupyolera mwa mkaziyo. Antonio apulumuka, ndipo Raquel pofika ku Acapulco apeza kuti dzina lolembedwa pa cikalata ca ukwati wace ndi la munthu amene sanamuonepo. Potsiriza awiriwo akondana ndipo Max agonja.

Makolo ena anena kuti masewero otere aononga ana ndipo ayenera kuletsedwa. Koma kuletsa sikungathandize, pakuti mtsikana woletsedwa kwao adzapenyerera kwa anansi. Cofunika ndi kuti akulu adziwe zimene ana akuona, ndi kulekanitsa coona ndi bodza.

Coona ndi ici: Raquel ananyengedwa cifukwa anakwatiwa ndi munthu amene kwao sikunadziwike. Pa mwambo wa Acewa, Ansenga ndi Angoni, ukwati suyamba popanda ankhoswe. Iwo afunsa mudzi, mfumu ndi mtundu wa mwamuna, ndipo ndiwo aweruza banja likavuta. Mu makomboni muli anthu ocokera kumbali zonse, ndipo mwamuna akhoza kubisa mkazi ndi ana amene anasiya kwina. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kholo limene lilandira ndalama pa foni m'malo motuma nkhoswe ku Lusaka lataya mwana wace.

Coona cina ndi nkhondo ya cuma ca masiye. Umbombo wa Max upezeka pa maliro ambiri, pamene acibale atenga katundu mkazi akali kulira. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Lamuloli silikhudza minda ya pa malo a mafumu, koma likhudza nyumba ndi katundu wa m'tauni.

Bodza la sewero ndi mathero ace. Liphunzitsa kuti mtsikana wosauka acoka mu umphawi mwa kukwatiwa ndi munthu wacuma. Mtsikana wa mu Kuku amene ayembekeza Antonio wace kawirikawiri atsala ndi mimba, m'nyumba ya lendi imene madzi a mvula alowa caka ndi caka. Njira yoona ndi sukulu. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene wabala aloledwa kubwerera m'kalasi, mu 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira ku sekondale, ndipo mu 2023 lamulo linaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo.

Motero makolo amene ali ndi ana mu Lusaka afunse ngati anawo akupita kusukulu, ndipo pakamveka za ukwati, nkhoswe ikwere basi kukaona mwamunayo ndi maso. Raquel anapulumutsidwa ndi wolemba sewero, koma mwana wa ku Katete adzapulumutsidwa ndi acibale ace okha.