Kalata yotseguka kwa Nduna yogwirizira ya Apolisi, Pulofesa Firoz Cachalia: yambani mwakonza kaundula wa mfuti

Olemekezeka a Nduna,

Ndine Mmalawi wokhala ku Capital Park kuno ku Pretoria, ndipo ndili ndi chilolezo chokhazikika m'dziko lino. Ndili ndi mfuti imodzi ya m'manja, yodzitetezera, yomwe imagona mu sefu yokhomeredwa kukhoma monga lamulo likunenera. Ndalemba m'Chichewa dala, kuti abale anga ogwira ntchito m'mayadi ndi m'makhitchini a dera lino amve nawo. Womasulira simungamusowe kuofesi kwanuko.

Boma la mgwirizano wa zipani litakhazikitsidwa mu Juni 2024, eni mfuti ambiri anakhazika mtima pansi. Ankakumbukira za Meyi 2021, nthawi imene a Bheki Cele anali nduna ya apolisi, pamene kunatuluka bilu yofuna kuti kudziteteza kusakhalenso chifukwa chopatsira munthu laisensi. Anthu oposa 100,000 anatumiza maganizo awo, biluyo inakhala chete, koma palibe anatiuza kuti yafa. Kenako kunabwera a Senzo Mchunu, amene anapumitsidwa pa ntchito mu Julaye 2025 mkulu wa apolisi ku KwaZulu-Natal, a Nhlanhla Mkhwanazi, atawaneneza poyera. Inu munalowa mu Ogasiti. Nduna zasintha kawiri, koma lamulo likadali lomwe lija, Firearms Control Act la 2000, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2004.

Anzanga ena kumene timaphunzirira kuwombera akuyembekezera kuti boma latsopano lipereka laisensi ya moyo wonse. Pamenepo sindili nawo. Laisensi yodzitetezera imatha pakapita zaka 5, ndipo munthu ayenera kupemphanso kukadali masiku 90 kuti ithe. Zaka 5 n'zambiri, bwana. Munthu amene anali wofatsa amayamba mowa, banja limayamba kugwedezeka, ndiye mayi wa m'nyumbamo ndi amene amagona mtima uli m'mwamba podziwa kuti kiyi ya sefu ili m'thumba la ndani. Khoti la Malamulo Aakulu linagamula mu 2018, pa mlandu wa bungwe la alenje la SA Hunters, kuti kukonzanso laisensi sikusemphana ndi malamulo a dziko, ndipo ine ndinavomereza. Mu Meyi 2022 khoti lomwelo, pa mlandu wa kampani ya Fidelity, linati amene laisensi yake inatha angathe kupempha yatsopano pa mfuti yomweyo. Za makhoti zinatha bwino.

Chimene chatsala chili pafupi ndi kwathu. Kuchoka ku Capital Park, kutsika ndi msewu wa Paul Kruger, kudutsa pa zoo, mphindi zochepa wafika pakati pa tauni. Kumeneko, m'nyumba ya Veritas, aphungu a komiti ya za apolisi anakayendera ofesi ya kaundula wa mfuti za dziko lonse mu 2021. Anapeza mafayilo ali mbwee pansi ndi m'makhonde, m'nyumba yoti inaweruzidwa kale kuti siyoyenera kugwiriramo ntchito. Boma limene likulemba mfuti pa mapepala ounjika pansi lingadziwe bwanji kuti mfuti yakutiyakuti ili m'manja mwa ndani?

Yankho tinalimva pa mlandu wa Christiaan Prinsloo, wapolisi wa udindo wa kanelo ku Vereeniging. Mfuti pafupifupi 2,400 zimene zinali m'manja mwa apolisi kudikira kuphwanyidwa zinagulitsidwa, zambiri n'kukathera kwa magulu a zigawenga ku Cape Flats, kumene zinapha anthu oposa 1,000, ana omwe. Prinsloo analamulidwa kukakhala kundende zaka 18 mu 2016, koma mu 2020 anali atatuluka kale pa parole. Tsopano mayi wamasiye amene mwamuna wake anasiya mfuti, mukamuuza kuti akaipereke kupolisi, mumutsimikizira ndi chiyani kuti sidzamubwerera usiku ili m'manja mwa wakuba?

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho nafenso eni mfuti tidzitsine. Mfuti zathu zimabedwa kapena kutayika masauzande chaka chilichonse, kuposa za apolisi. Wina waisiya m'galimoto pa shopu, wina pansi pa pilo. Wotereyu mumulande laisensi, sindidzamulirira.

Abale anga ambiri kuno nkhani ya laisensi siwakhudza n'komwe. Lamulo limafuna munthu wa zaka 21 kapena kuposa, nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, ndiye Mmalawi wa pemiti ya ntchito sangapemphe. Komatu ndi yemweyo amene amakumana ndi mfuti kumapeto kwa mwezi, akuchoka kokatumiza ndalama kumudzi kapena akudikira takisi ku Marabastad. M'chaka cha 2023/24 anthu oposa 27,000 anaphedwa m'dziko lino, ndipo chida chimene chinapha ambiri ndi mfuti. Iye safuna kudziwa kuti ndime 13 ya lamuloli, yonena za laisensi yodzitetezera, ikuti chiyani. Akufuna kuti mfuti imene yalandidwa kwa chigawenga lero isadzaonekenso mumsewu mawa.

Pempho langa ndi ili, a Nduna. Musanabweretse bilu ina iliyonse, mfuti iliyonse ilowe pa kompyuta, munthu azitha kuona pempho lake kuti lafika pati popanda kuyenda kupolisi kasanu. Chaka chilichonse mutiuze poyera kuti polisi iliyonse yataya mfuti zingati, zaphwanyidwa zingati, ndipo amene walangidwa ndani. Za kudziteteza, tiuzeni mosabisa ngati ndime 13 ikhalapo kapena ayi, tileke kumvera mphekesera.

Ine wanu,
Mmalawi wa ku Capital Park, Pretoria