Pabwalo la pafoni, mkulu ndi batani

Ndikamatseka malonda anga a ziboliboli pa Mukuni Park, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya kuno ku Livingstone, mwana wa mlongo wanga amakhala atakhala kale pachitsa, timawaya m'makutu, akukuwa yekha: "Ndagwa, bwera undidzutse!" Poyamba ndinkati mwanayu zamuzungulira. Ndiye tsiku lina anandipatsira kawaya kamodzi, amvekere: "Amalume, tamverani."

Ndinamva mnyamata wa ku Kitwe, wina wa ku Lilongwe ndi wina wa ku Bulawayo, akusakaniza Chibemba, Chinyanja ndi Chingerezi. Amasewera PUBG Mobile, yomwe inatuluka mu 2018. Anthu 100 amaponyedwa pachilumba n'kumamenyana m'magulu a anthu anayi. Ukawomberedwa sufera pomwepo, umakwawa kudikira mnzako akudzutse. Kalamulo kameneka ndi kamene kanawagwirizanitsa, poti munthu woti mawa adzakudzutsa sungamutukwane lero. Pano amafunsana za mayeso, magetsi akathima kwa mmodzi enawo amamudikira.

Komatu m'masewera omwewo muli batani lina lotsegula mawu kwa aliyense amene ali pafupi, ngakhale wosakhala wa gulu lako. Mwana wa mlongo wanga atalidina, zimene zinatuluka sindingazilembe m'nyuzipepala. Mwana wanga wamkazi amasewera chotseka pakamwa, chifukwa akangomva kuti ndi mtsikana, nkhani ya masewera imathera pomwepo. Iye amangoloza pamapu ndi kutumiza timawu tolembedwa kale.

Ife tinakulira pa nsolo. Pamenepo wachipongwe ankaonekera nkhope, ndipo akulu oonerera ankamudzudzula nthawi yomweyo. Pafoni palibe nkhope, palibe manyazi, palibenso mkulu. Ntchito ya mkulu uja yagwera opanga masewera, afune asafune. A Supercell a ku Finland anazindikira zimenezi popanga Clash Royale mu 2016: wopikisana naye sungamulembere mawu, umangomutumizira tinkhope toseka kapena tolira ndi timawu tochepa tosankhidwa kale. Ngakhale tinkhopeto tinapsetsa anthu mtima mpaka kampaniyo inaika batani lotizimitsa. Apex Legends ya mu 2019 inatchuka ndi njira yolozera mdani kapena chida popanda kutsegula pakamwa, moti anthu osamvana chilankhulo amathandizana bwinobwino.

Ena amati mwana wamwano ndi wamwano basi, batani silimuphunzitsa. N'zoona, koma mwana wa mlongo wanga ndi mmodzi yemweyo, ndipo ndamuona ali waulemu m'gulu la anayi, n'kusanduka wina akalowa pachigulu.

Makolo anzanga, timangowerenga maola ndi ndalama za bando ya Airtel kapena MTN. Tizifunsanso kuti mwana akulankhula ndi yani, ndiponso ngati akudziwa potsekera mawu a munthu wachipongwe. Ine ndinayamba ndi kupempha kawaya kamodzi. Pano mnyamata wa ku Lilongwe uja akamva kutsokomola kwanga amati, "Mwaswera bwanji amalume?"