Ana Atuluke Akajambule Phiri la Ndirande

Ophunzira zaluso ena amapita ku Italy pakati pa June ndi August kukaphunzira kujambula malo ali panja, naphunziranso Chitaliyana. Ife ndalama zotere tilibe, koma njira yawoyo tikhoza kuibwereka.

M'zaka za m'ma 1850, mumzinda wa Florence, Giovanni Fattori ndi anzake anayamba kujambula ali padzuwa. Anthu anawatcha Macchiaioli, kuchokera ku liwu lakuti macchia, ndiye kuti banga, popeza iwo ankatsogoza mabanga a kuwala ndi mthunzi, mizere pambuyo.

Nanga ife ku Makata timatani? Timajambula pabolodi phiri losongoka ngati chulu, ana nakopera, chikhalirecho phiri la Ndirande lili poteropo. Ife tikuti anawo atuluke. Makala ndi mapepala a matumba a simenti akwanira. Mwana aone mbali imene dzuwa laomba, aone miyala imene yatsala pambalambanda mitengo itatha, kenaka atchule zimene wajambula: thanthwe, chigwa, mtsetse. Phunziro la chiyankhulo lalowa pomwepo.

Ena adzati kalasi ya ana 100 singatuluke. Agaweni m'magulu anayi, gulu lililonse mphindi 15, mtsogoleri wake atanyamula makala.