ZA MAKEDZANA: Mendulo ya pa Phiri la Tug Argan

Munthu woyenda ku Ndola amamva za kampu ya asilikali yochedwa Tug Argan. Wa ku Chipata adziwa kampu ya Gondar, ndipo wa ku Lusaka adziwa Arakan. Maina awa si a cilankhulo ciri conse ca m'Zambia. Ndi maina a malo akutali kumene amuna a m'dziko lino anamenya nkhondo ndi kutaya mwazi pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945. Gondar ali ku Ethiopia, Arakan ku Burma, ndipo Tug Argan ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland.

M'mwezi wa August 1940 asilikali a Mataliana anacoka ku Ethiopia nalowa m'dziko la Somaliland, limene panthawiyo linali m'manja mwa Angerezi. Anafuna kulanda doko la Berbera, ndipo mseu wopita kumeneko unapyola pa Tug Argan. Pa timapiri ta m'mbali mwa mseuwo anaikapo gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment, ndiwo asilikali ocokera m'midzi ya dziko lino. Analinso pamodzi ndi asilikali a King's African Rifles a ku Nyasaland, Amwenye, Asikoti ndi Asomali a gulu la ngamila. Adani anawaposa m'ciwerengero kangapo konse, ndipo anali ndi ndege, mizinga ndi akasinja.

Nkhondo inayamba pa 11 August. Pa phiri lina lochedwa Observation Hill panali Kaputeni Eric Wilson, Mngerezi amene anayang'anira mfuti za ciwaya za Asomali. Munthuyu anali atagwirapo nchito ndi asilikali a ku Nyasaland, ndipo anaphunzira Cinyanja. Tsiku loyamba lomwelo cipolopolo ca mzinga cinagwa pamalo pace. Cinamlasa paphewa ndi padiso, niciphwanya mandala ace, ndiponso cinapha Sajeni wace, Omar Kujoog, amene anali pambali pace. Wilson anakonza mfuti zimene zinagwa napitiriza kuombera. Malungo anamgwiranso pomwepo, koma sanacoke. Iye ndi anthu ace anakhala paphiripo kufikira madzulo a pa 15 August, pamene adani anakwera nalanda malowo. Asilikali otsala anabwerera ku Berbera, nakwera zombo kunka ku Aden.

Akuluakulu anayesa kuti Wilson wafa. Cifukwa cace m'mwezi wa October 1940 analengeza kuti womwalirayo wapatsidwa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse pakati pa asilikali a Angerezi. Mendulo imeneyi inakhazikitsidwa mu 1856 ndi Mfumukazi Victoria. Ndi kamtanda ka mkuwa cabe, kopanda golidi, koma imapatsidwa kwa munthu yekhayo amene anaonetsa kulimba mtima kwapadera pamaso pa adani. Patapita nthawi kunamveka kuti Wilson ali moyo m'kampu ya akaidi ku Eritrea. Anamasulidwa mu 1941, namenyanso nkhondo kufikira ku Burma. Anamwalira mu 2008 ali ndi zaka 96.

Palibe amene angatsutse kuti Wilson anayenera ulemu umenewu. Munthu wolasidwa, wodwala malungo, wosaona bwino, amene akana kusiya malo ace masiku onse aja, ndi ngwazi ndithu. Koma akale anati mutu umodzi susenza denga. Mfuti ya ciwaya siiombedwa ndi munthu mmodzi. Pafunika wonyamula zipolopolo, wina wozilowetsa m'mfuti, ndi wina wobweretsa madzi oziziritsira mpope ukatentha. Mizinga imene inalasa Kaputeni inagweranso Asomali ace ndi asilikali a Northern Rhodesia Regiment amene anasunga timapirito. Ena a iwo anafera konko, ena anatengedwa ukaidi. Dzina la Wilson lalembedwa m'mabuku ambiri. Maina a iwowa adziwika ndi ocepa.

Ndipo nkhani siithera pa Tug Argan pokha. Pa nkhondo yonse ija asilikali acikuda a m'magulu a mu Africa anamenya ku Somaliland, ku Ethiopia ndi m'nkhalango za ku Burma, koma palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene analandira Victoria Cross. Amene anaonetsa camuna anapatsidwa mendulo zina zotsikirapo, monga Distinguished Conduct Medal ndi Military Medal. Izi nazo si zacabe ai. Sizinaperekedwe kwa munthu cifukwa cakuti anapita kunkhondo, koma cifukwa ca nchito inayace imene anaicita pa tsiku lodziwika, mkulu wace nailemba.

Apa mpofunika kuti mabanja a kumidzi adziwe kusiyanitsa. M'nyumba zina muli mendulo za agogo zimene zikhala m'kacitini kapena pansi pa sutukesi. Zina ziri ngati nyenyezi, monga Africa Star ndi Burma Star. Zimenezo zionetsa dziko limene munthuyo anakamenyako nkhondo. Koma mendulo ya kulimba mtima ndi yozungulira, ya siliva, ndipo m'mphepete mwace mwazokotedwa dzina la mwini, nambala yace ndi gulu lace. Banja limene liri nayo lisunga umboni umene sungapezeke pena. Kuigulitsa kwa anthu oyendayenda ofuna zinthu zakale, kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa, ndiko kufafaniza dzina la munthu kaciwiri.

Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, Northern Rhodesia Regiment inasanduka Zambia Regiment. Tsopano Mtsogoleri wa dziko ndiye apereka mendulo za ulemu kwa anthu a dziko lace, makamaka pa 25 May ndi pa 24 October, osayang'ana khungu la wolandira. M'mwezi wa November akuluakulu a boma ndi a asilikali amaika nkhata za maluwa pa cipilala ca cikumbutso mu Lusaka.

Koma cipilala sicichula munthu ali yense ndi dzina lace ndi mudzi wace. Nchito imeneyo yatsalira mabanja. Amuna amene anabwerako ku nkhondo ija atha pafupifupi onse, ndipo amene anamva nkhani pakamwa pao nawonso akukalamba. Ngati pamudzi pali nkhalamba imene ikumbuka kuti atate ace anali ku Somaliland kapena ku Burma, mwana wa sukulu atenge buku ndi pensulo, akhale pansi pafupi nayo, alembe dzina la msilikaliyo, gulu lace, caka cimene anapita ndi cimene anabwera. Pepalalo aliike m'kacitini komweko, pamodzi ndi mendulo.