Chaona mnzako chapita: asilikali a Keyala ku Malaya

Gule wa beni akamavinidwa ku Machinga ndi ku Balaka, ovina amaguba pamzere, wina akuimba wenzulo ngati sajeni pa perete. Guleyu adatengera mayendedwe a asilikali, pakuti Ayao a dera lino adali pakati pa anthu amene ankalembedwa kwambiri mu King's African Rifles, imene makolo ankaitcha Keyala. Nkhondo ya 1914 ndi ya 1939 zimakumbukika, koma ilipo ina imene adzukulu ambiri sadaimve: ya ku Malaya, dziko limene lero lili mbali ya Malaysia.

Mu June 1948 boma la Angerezi ku Malaya lidalengeza lamulo la nthawi ya ngozi polimbana ndi chipani cha chikomyunizimu, chimene mtsogoleri wake adali Chin Peng. Anyamata ake adabisala m'nkhalango zowirira, namathira nkhondo minda ya mphira ndi migodi ya tini, chuma chimene Britain adachidalira atasauka ndi nkhondo ya Hitler. Mu October 1951 adapha Henry Gurney, mkulu wa boma la atsamunda, ndipo m'malo mwake mudalowa kazembe wankhondo Gerald Templer.

Batalyoni yoyamba ya Keyala, ya Nyasaland, idafika ku Malaya mu 1952 pamodzi ndi yachitatu ya ku Kenya, ndipo yachiwiri, ya Nyasaland yomweyo, idatsatira mu 1953. Angerezi adali atawaona kale Anyasa akumenyana ndi Ajapani m'nkhalango za Burma mu 1944. Ntchito idali yosautsa: kulondola mapazi masiku ambiri m'mvula, kugona m'matope misundu ikuyamwa magazi, ndi kubisalira mdani wosaoneka. Pofuna kuti a m'nkhalango asowe chakudya, boma lidasamutsa anthu oposa 400,000, ambiri a mtundu wa Chitchaina, nkuwaika m'midzi yatsopano yotchingidwa ndi waya waminga.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Malaya adalandira ufulu pa 31 August 1957. Pasanathe zaka ziwiri, pa 3 March 1959, bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo lomwelo ku Nyasaland. Dr. Banda adatsekeredwa ku Gwelo, anthu oposa 1,000 adamangidwa, ndipo oposa 50 adaphedwa. Keyala, imene idakathandiza kugwira dziko la eni, tsopano idatumidwa kukayang'anizana ndi abale ake.

Apa ndi pamene ena amanena kuti asilikaliwa sayenera ulemu, popeza adali mkono wa mtsamunda. Mawuwa ali ndi mbali yake yoona, ndipo nkhondoyo siyenera kukometsedwa: ku Batang Kali mu December 1948 asilikali a Scots Guards adapha anthu 24 opanda zida. Komabe woweruza ayambe waona chimene chidamchotsa mnyamata ku Ntaja kapena ku Ulongwe. Msonkho unkafunika chaka ndi chaka, ntchito yamalipiro idali yosowa, ndipo njira zina zidali thangata m'minda ya azungu kapena ulendo wa ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene adasankha nkhondoyo adali ku London. Mnyamatayo adangosankha njira yodyetsera banja.

Choncho cholakwa chachikulu lero ndicho kuiwala. Chipilala cha Keyala ku Zomba chimalandira maluwa mwezi wa November, koma mwala sunena nkhani. Mnyamata amene adali ndi zaka 20 mu 1952 adapitirira kale zaka 90, ndipo otsala ndi owerengeka. M'masutikesi akale mudakali mamendulo, zithunzi ndi timabuku ta usilikali, zimene chiswe sichidzazichitira chisoni.

Mdzukulu wanzeru akhale pansi ndi agogo ake aakazi, amene adatsala akulima okha ndi kudikira kalata, nawafunse dzina la batalyoni, chaka chimene agogo aamuna adapita, ndi mmene adabwerera. Alembe zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, osabisa za 1959. Aphunzitsi a m'maboma awiriwa angathe kutuma ophunzira ntchito yomweyi pa tchuthi. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.