Maunda Olumala: Vuto si Matenda Koma Chisa

Alimi anzanga oweta nkhunda, mwina munaonapo chiunda chitagona chafufumimba m'chisa, miyendo itatangadza, chikulephera kuimirira. Ambirife tikaona zotere timathamangira kukagula mankhwala, ena timati ndi chitopa, enanso mpaka kukayikira anansi. Ine ndikuti ngati chiundacho chikudya bwino, sichikutsekula m'mimba kapena kupinda khosi, kawirikawiri cholakwa ndi chisa chimene tachikonzera.

Nkhunda imaikira mazira awiri ndipo imafungatira masiku pafupifupi 18. Maunda amaswa mafupa ali anthete, koma amakula msanga kwambiri moti pomatha masabata anayi amakhala atatsala pang'ono kufanana ndi amawo. Tsono thupi likamalemera chonchi pansi pali poterera, zala zimasowa pogwira, miyendo imaterereka m'mbali, ndipo mafupa amakhwima ali okhota.

Masiku ano tatengeka ndi mabokosi a matabwa opalidwa bwino, zigubu zapulasitiki zodula pakati ndi mabeseni akale. Zimaoneka zamakono, inde, koma makolo athu amene ankayala udzu m'phale kapena m'dengu ankachita bwino kuposa ife. Bokosi si loipa ayi, choipa n'kulisiya lopanda kanthu.

Thirani mchenga wouma kapena utuchi pansi pa bokosi, kuchindikala kwake ngati zala ziwiri. Pamwamba yalani udzu wouma, pakati pakhale polowa ngati mbale kuti miyendo izikhala kunsi kwa thupi. Nkhunda ndi mmisiri waulesi, choncho muziisiyira timitengo ndi udzu pafupi ndi khola. Zoyalazo zikanyowa, sinthani.

Chenjeraninso pamene dzira limodzi lokha laswa. Maunda awiri amatsamirana, koma chimodzi chimasowa potsamira ndipo chimapsinjidwa ndi makolo ake. Musafulumire kutaya dzira losaswalo sabata yoyamba, kapena ikanipo kamwala kosalala kofanana nalo.

Chakudya nachonso n'chofunika. Gaga ndi chimanga chokha sizilimbitsa mafupa. Onjezerani nandolo kapena khobwe, ndiponso makoko a mazira owiritsa n'kusinja, pakuti ali ndi kashiamu.

Ena anena kuti nkhunda imadzisamala yokha, n'kutayiranji nthawi? Zoona, nkhunda sivuta kuweta. Koma chiunda cholumala sichiuluka, sichingakhale mbeu, ndipo pamsika wogula amachinyoza. Poti mazira amakhala awiri okha, kutaya chimodzi n'kutaya theka la phindu.

Suzumirani m'chisa tsiku lililonse masabata awiri oyamba. Mukaona miyendo ikuyamba kutangadza, imangeni pamwamba pa zala ndi kansalu kofewa, kusiya mpata pakati monga m'mene chiunda chimaimira mwachibadwa. Musamangitse, muziona tsiku ndi tsiku, ndipo masulani pakatha sabata. Mukachedwa, mafupa akakhwima, palibe mankhwala ogula amene angawaongole. Paja akulu anati m'mera m'poyamba.