Wopita ku Roma asadalire adobadoba

Mkhristu akasunga ndalama zaka zambiri kuti akaone manda a Petulo Woyera ku Roma, m'dziko la Italy, sayenera kukataya thukuta lake m'manja mwa adobadoba. Koma ambiri amatero chifukwa choganiza kuti ulendo ndi tikiti ya ndege basi.

Safunsa anadya phula. Mwachitsanzo, Papa akakhala mumzindawu amakumana ndi anthu Lachitatu, ndipo matikiti a mkumanowu ndi aulere. Amaperekedwa ndi ofesi ya Prefecture of the Papal Household kwa aliyense wopempha nthawi ilipo. Kulowa m'tchalitchi cha St Peter's nakonso n'kwaulere. Choncho munthu wogulitsa tikiti yoti mukaone Papa ndi wofunika kumuthawa, ngakhale atavala jekete yooneka bwino chotani.

Malo olipira aliponso. Ku Vatican Museums, komwe kuli Sistine Chapel yomwe denga lake adajambula Michelangelo kuyambira 1508 mpaka 1512, mzere umatha kudya maola. Wogula tikiti pa intaneti, patsamba la eni malowo, amasankha tsiku ndi ola lolowera. Vuto n'loti masamba a ogulitsa ena ndiwo amakonda kuonekera pamwamba munthu akamafufuza, ndipo mitengo yawo imakhala yokwera. Malowa satsekula Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza pamwezi pomwe kulowa kumakhala kwaulere, koma khamu lake si lamasewera.

Ku Pantheon, komwe kale anthu ankangolowa, adayamba kulipiritsa mu July 2023. Ichi n'chifukwa chake malangizo a mnzanu yemwe adapitako zaka khumi zapitazo ndi ofunika kuwatsimikiza kaye.

Komabe zonsezi ndi maloto ngati viza palibe. Mmalawi amafunika viza ya Schengen, yomwe mtengo wake udakwera kufika pa ma euro 90 mu June 2024. Pamafunikanso inshulansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000. Malamulo amalola kupempha vizayi miyezi isanu ndi umodzi ulendo usadachitike, ndiye kudikira sabata zomaliza n'kudzipha wekha.

Zing'onozing'ono nazo zimapulumutsa thumba. Kuchoka pabwalo la ndege la Fiumicino, sitima ya Leonardo Express imafika pasiteshoni ya Termini m'mphindi 32. Madzi akumwa sagula: m'misewu muli mipopi yotchedwa nasoni, yotuluka madzi ozizira usana ndi usiku, chofunika ndi botolo lokha. Tikiti ya basi imayenera kudindidwa pamakina mukangokwera, apo ayi chindapusa chimakupezani ngakhale tikitiyo ili m'manja.

Pa St Peter's alonda amabweza aliyense yemwe mapewa kapena mawondo ake ali pamtunda. Apa amayi akwathu ali ndi mwayi: chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa mlandu.